Tsiku Limene a Sitilola Anachedwa

Ku bungwe kumene ndimagwira ntchito, chinthu sichidutsa chifukwa anthu achivomera. Chimadutsa chifukwa palibe wachikana. Mukhoza kudzaza holo yonse, mitu ikugwedezeka kuti inde, koma munthu mmodzi akangoimika kachikwangwani ka dzina la dziko lake n'kunena kuti ayi, nkhani yafera pomwepo, mudzakumanenso mwezi wamawa. Amene anakonza lamuloli ankati akuteteza maiko ang'onoang'ono kuti akuluakulu asamawaponde. Ine ndine nthumwi ya dziko laling'ono, ndipo phazi lija ndimalimva pamsana tsiku lililonse.

Bungweli ndi limene limasunga malamulo a malonda a pakati pa maiko. Dziko lina likatsekera katundu wanu popanda chifukwa, mumabwera kuno kudzadandaula. Ife tinadandaula za uchi. Achemwali anga amatsogolera gulu la amayi osunga njuchi m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi wathu, ndipo uchi wawo unkagulidwa ndi dziko lina lalikulu. Tsiku lina dzikolo linadzuka n'kunena kuti uchi wathu uli ndi matenda. Tinapita kukhoti la bungwe, akatswiri anaununkhiza, anauyeza, ena ndikukhulupirira kuti anaunyambitanso, ndipo anapeza kuti ulibe kanthu. Tinapambana mlandu. Dziko lalikulu linachita apilo.

Khoti la apilo lili pamwamba penipeni pa nyumba ya bungwe. Muli kapeti yofewa, mipando yaitali misana ndi mawindo opukutidwa bwino. Oweruza ndiye mulibe. Nthawi ya akale inatha, ndipo kuti asankhidwe atsopano pamafunika kuti pasapezeke wokana. Wokanayo amapezeka mwezi uliwonse, ndipo ndi nthumwi ya dziko lomwe lija linatsekera uchi wathu. Choncho mlandu umene tinapambana uli pa shelefu kudikira anthu amene sadzabwera, ndipo chipata chikadali chotseka.

Nthumwiyo timaitchula kuti a Sitilola. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndi munthu wabwino. Ndi bambo wamtali wa imvi, woyankhula motsitsa, amakutsegulira chitseko, amakumbukira kuti mwana wako anadwala chifuwa. Ukafuna kumuda umasowa pogwira. Koma mfundo yosankha oweruza ikangofika, amaimika kachikwangwani, n'kuyatsa maikolofoni, n'kunena mawu omwewo: "Pakadali pano, dziko langa silingalole." Akatero amazimitsa n'kuyamba kusenda switi.

Kenako timalira maliro. Nthumwi iliyonse imakhala ndi pepala lochokera kulikulu la dziko lake, ndipo imawerenga mosasintha liwu. Awa akhumudwa. Awa akhumudwa kwambiri. Awa akupitiriza kukhumudwa. Popeza olira ndi ambiri, anthu anaphunzira kuimikiratu zikwangwani mfundoyo ikangotchulidwa, a Sitilola asanatsegule n'komwe pakamwa, kuti apeze malo abwino pamzere. Ine ndemwe ndinkachita zomwezo, ndipo pepala langa ndinkaliwerenga ndi mawu onjenjemera bwino.

Ofesi yathu ndi zipinda ziwiri pamwamba pa dokotala wa mano. Achemwali anaimba foni m'mawa wina makina a dokotalayo akulira pansi pa mapazi anga.

"Iwe, oweruza ako aja abwera?"

"Tikukambirana, achemwali."

"Mawu amenewa unandiuza mwana wanga asanakwatiwe. Pano ali ndi pakati."

"Zinthu zake zimayenda pang'onopang'ono."

"Nde mvera. Zigubu zadzaza nyumba, ndikugona pakati pa uchi ngati mphutsi ya njuchi. Ocheka matabwa abweranso. Akuti tiwapatse nkhalango. Amayi a m'gulu atopa, ati kumapeto kwa mwezi uno tikhale pansi tigamule. Ine ndawaletsa mpaka mawu asasa. Ndikapita chimanjamanja, mitengo yapita."

"Musawalole."

"Ndiwaletse ndi chiyani? Ndi kukambirana kwakoko?"

Ndisanaganize n'komwe ndinati, "Mwezi uno zitheka. Auzeni adikire." Achemwali anangoti, "Chabwino, ndiwauza kuti wanena iwe," n'kudula foni. Ndinakhala pamenepo ndikumvetsera munthu wina akubuula pansi, ndipo ndinamusirira chifukwa iye vuto lake linali litapeza dokotala.

Masana ndinakakhala m'kantini ndi Wakuzilumba. Ameneyu ndi mnzanga wapamtima pabungwepo, bambo wonenepa woseka ndi mimba, amene amaimira yekha dziko lake la tizilumba. Popeza misonkhano imachitika yambiri nthawi imodzi, iye amayenda ndi majekete angapo. Amapachika limodzi pampando m'chipinda ichi, lina m'chipinda icho, kuti aliyense aziganiza kuti wangopita kuseri. Analinso wapampando wa komiti yokonzanso kayendetsedwe ka bungwe, udindo umene anaupeza chifukwa tsiku losankha panali jekete lake lokha ndipo jekete silikana.

Ndinamufotokozera za achemwali. Iye anapitiriza kudya, maso ali patebulo la pakona pomwe a Sitilola ankamwa tiyi.

"Mlongo, waona chachilendo pa tebulo ilo?"

"Akumwa tiyi."

"Akumwa okha. Wachiwiri wawo wapita kwawo kukachira. Winayo wathyoka mwendo panjinga. Wobwera kudzathandiza mapepala ake sanafike. Sabata yamawa dziko lonse lija ndi thupi limodzi."

"Nde?"

"Lamulo likuti chiyani? Wokana akane ali m'chipinda, ndi pakamwa pake. Jekete silikana, ine ndikudziwa. Nanga munthu mmodzi angakane m'zipinda ziwiri nthawi imodzi?"

Ndinaika supuni pansi.

Mu kabati ya komiti yake munali mfundo imene inagona zaka. Pabungwe pathu pali kachipinda kena kamene maiko akuluakulu amakumanamo okha n'kuphika nkhani, ife n'kudzangoitanidwa zitapsa. Mfundoyo inkati m'kachipindamo muikidwe mpando umodzi wa maiko ang'onoang'ono. A Sitilola analamulidwa kwawo kuti imeneyonso aziikana. Wakuzilumba anati aitanitsa komiti tsiku lomwelo la msonkhano waukulu, ola lomwelo, m'chipinda chapansi cha nyumba yakale, kutsidya kwa bwalo loimika magalimoto.

"Adzaganiza kuti nkhani ya oweruza imabwera kumapeto, ndiye adzathamangira kwa ine kaye kuti akane msanga abwerere. Ine ndidzayamba ndi kuwerenga maminitsi. Ukudziwa mmene ndimawerengera."

"Nanga mfundo zoyambirira za mu holo?"

"Imeneyo ntchito yako. Uzichotse panjira."

Sizinavute. Ndinayendera eni mfundozo mmodzimmodzi kuwapempha kuti azisiyire mwezi wamawa, ndipo palibe anafunsa chifukwa. Kusiyira zinthu mwezi wamawa ndi luso limene aliyense pabungwepo analiphunzira bwino. Chinsinsi chenichenicho sindinauze munthu, chifukwa m'makonde athu nkhani imayenda msanga kuposa chikepe. Ndinauza munthu mmodzi yekha amene lamulo la ntchito limandikakamiza kumuuza, a Kazembe athu.

A Kazembe si munthu woipa. Amayang'anira mabungwe ambiri mumzindawo, ndiye kwathu kuno amabwera mwa apo ndi apo, makamaka kukakhala ojambula zithunzi. Mulungu anawapatsa mawu okoma, ndipo iwo amadziwa zimenezo. Ndinawafotokozera dongosolo lonse akusaina makalata. Anati, "Chitani zimenezo, mayi," osadzutsa mutu. Ndinatuluka mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti sanamve kanthu.

Tsikulo linafika. Ndinalowa mu holo m'mawa, ndinakhala pampando wa dziko lathu, ndinayala mapepala ngati tsiku wamba. Mpando wa a Sitilola unali wopanda munthu. Foni inanjenjemera m'chikwama. Anali Wakuzilumba: "Wafika kuno. Wakhala kutsogolo. Ndayamba."

Mayi Wapampando anatsegula msonkhano. Ndi mayi wotopa ndi dziko, wovala magalasi pansonga ya mphuno, amene wakhala akumva kukhumudwa kwathu mpaka nkhope yake inasiya kusintha. Anatchula mfundo yoyamba, mwini wake anati isiyidwe. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yotsatira, chimodzimodzi. Anakweza maso pamwamba pa magalasi, n'kuyang'ana holo ngati mphunzitsi amene wamva fungo la chiwembu.

"Tafika pa mfundo yosankha oweruza a khoti la apilo," anatero.

Anatembenukira kumpando wa a Sitilola monga mwa nthawi zonse. Anauyang'ana. Anayang'ana chitseko. Kenako ndinaona dzanja lake likuyenda pang'onopang'ono patebulo mpaka linagwira kanyundo kake ka mtengo. Chimene chinatsala chinali kufunsa ngati pali wokana, kumva kuti zii, n'kumenya patebulo kamodzi. Oweruza akanasankhidwa.

Koma pali lamulo lina, lakuti wapampando samenya nyundo pamene kachikwangwani kena kali chiimire, chifukwa ndiye kuti dzikolo likufuna kuyankhula. Ndinatembenuka kuyang'ana holo. Zikwangwani zinali njo, mizere yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kukhoma. Anthu anali ataimika kale monga mwa chizolowezi, mitu ili m'mapepala, ena akukonza kukhosi. Palibe anali atayang'ana mpando uja. Ine ndinakonza zonse, koma ndinaiwala maliro.

Mayi Wapampando anapumira m'mwamba n'kupereka mwayi kwa woyamba pamzere. Bamboyo anayatsa maikolofoni. "Dziko langa lakhumudwa kwambiri kuti membala mmodzi wakananso lero," anawerenga, n'kutambasula dzanja kuloza mpando wopanda munthu. Anauona. Anaima pang'ono, n'kuphethira, kenako anabwerera papepala n'kupitiriza, chifukwa ndime zinali zikadalipo.

Ndinavula nsapato zanga zazitali n'kuzikankhira pansi pa tebulo. Ndinayamba mzere woyamba, chowerama.

"Tsitsani chikwangwani. Palibe wakana. Taonani mpando."

Ena anamva msanga, anatsitsa maso ali tong'o. Ena anafuna kukambirana kaye.

"Mayi, pepala ili anditumizira kulikulu. Ndikapanda kuwerenga ndikalemba chiyani mu lipoti?"

"Mukalembe kuti mwapambana."

"Zimenezo sanandilamule."

"Bambo, ndagwira mwendo wanu."

Anayang'ana pepala lake mwachisoni ngati munthu amene akusiya chakudya m'mbale, n'kutsitsa.

Foni inanjenjemera. "Ndikadali pa maminitsi. Ndatsokomola. Ndapempha madzi."

Wina ndinamupeza ali m'tulo, zomvera zili m'makutu, kachikwangwani kakumulondera. Ndinakagwetsa ndi chikwama podutsa. Mtsikana wina watsopano anafunsa ngati n'zololedwa kusakhumudwa, ndinamuuza kuti lero lokha. Anzanga a maiko oyandikana nafe ataona zimene ndinkachita ananyamuka n'kugawana mizere, ndipo holo yolemekezeka ija inadzaza anthu akuluakulu oyenda chowerama, akunong'onezana.

Panali ena amene anandidabwitsa. Bambo wina wa dziko lolemera, amene mwezi uliwonse amalira mokweza kuposa tonse, anagwira kachikwangwani kake ndi manja awiri. Ndinakumbukira kuti dziko lakenso lili ndi milandu pa shelefu ija, milandu imene linaluza. Zaka zonsezi a Sitilola ankamukanira, iye n'kumalira ndi manja oyera.

"Mukufuna kukana, bwana?" ndinafunsa mokweza pang'ono kuti oyandikana amve. "Kanani, tilembe dzina la dziko lanu."

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Anatsitsa pang'onopang'ono, akumwetulira ndi mano okha.

Uthenga wina wa Wakuzilumba unalowa pafoni. "Watopa nane. Wapempha kuti tidumphe maminitsi. Ndikufunsa ngati pali wokana kudumpha."

Ndinafika kukhoma lakumbuyo, ndinawongoka, n'kuyang'ana holo yonse. Zikwangwani zinali zitagona, mzere ndi mzere. Ndinaona nkhope ya achemwali, ndinamva kale mmene ndidzawauzire, modekha, ngati ndi zinthu zimene ndimachita tsiku lililonse. Koma nyundo sinalire. Mayi Wapampando ankayang'ana malo amodzi chapakati pa holo, pomwe kachikwangwani kamodzi kanali chiimire.

Ndinapita ndi ukali wonse, ndikukonza mawu oti ndimutsuke nawo mwini wake. Nditayandikira ndinawerenga dzina. Linali la dziko lathu. Pampando wanga panali a Kazembe, atavala suti yawo ya zithunzi, kansalu kofiira katasuzumira m'thumba la pachifuwa. Anali atalowa ine ndili kumizere yakumbuyo. Kani tsiku lija anamva zonse.

Mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti kazembe akakhala pampando, kachikwangwani ndi kake. Wamng'ono amakhala kumbuyo, ndipo sakhudza. Ndakhala ndikugwetsa zikwangwani za maiko a eni ndi chikwama, koma ichi chokha dzanja langa linakana. Ndinagwada pambali pawo.

"Bwana, nyundo kaye. Muyankhula ikalira."

"Ikalira mfundo yatsekedwa, mayi. Mawu anga salowa m'maminitsi."

"Bwana, munthu uja akubwera."

"Ndinena mwachidule. Tsiku ngati lino dziko lathu lingakhale duu? Kwathu adzati tinali kuti?"

Mayi Wapampando anatseka maso kanthawi, kenako anapereka mwayi kwa dziko lathu. A Kazembe anakonza tayi n'kuyatsa maikolofoni.

Anayamba ndi kuthokoza Mayi Wapampando. Anathokoza amene analipo iwo asanabwere. Anathokoza omasulira a m'magalasi m'mwamba muja, amene anagwedeza manja kuti apitirire. Anabwerera ku chiyambi cha bungwe, nafotokoza mmene makolo a malonda anakhalira pansi nkhondo itatha. Mawu awo ankayenda bwino, kukwera ndi kutsika, ndipo ndikanakhala kuti sindikufa ndikanaombera m'manja.

Foni inanjenjemera m'dzanja langa. "Wakana. Watuluka. Pepa mlongo, ndinayesetsa."

Ndinakoka jekete la a Kazembe chakumunsi. Anandisisita dzanja ngati bambo wotonthoza mwana, osasiya kuyankhula. Tsopano anali atafika pa uchi. Ananena za amayi a m'nkhalango, manja awo otupa ndi mbola, maso awo oyang'ana kubungwe lino. Ananena bwino kwambiri moti mayi wina wa mzere wakutsogolo anapukuta m'maso. Ine ndinafuna kuwaluma mwendo.

"Pomaliza," anatero a Kazembe. Holo yonse inakoka mpweya. Mayi Wapampando anakweza nyundo. "Pomaliza, ndiloleni ndinene zinthu zingapo."

Chitseko cha holo chili ndi galasi pakati. Pagalasipo panaoneka mutu wa imvi. A Sitilola anafika. Ndinadikira kuti chitseko chitseguke, koma sichinatseguke. Bamboyo anasuzumira kamodzi, anaona zikwangwani zogona, anaona nyundo ili m'mwamba, kenako anatembenuka n'kuyamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma chonena zoyenera kuchita moto ukabuka. Anachiwerenga mwachidwi, manja ali kumbuyo.

Ndinamuona. Mayi Wapampando anamuona. Holo yonse inamuona, ndipo holo yonse inayang'ana kudenga. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito yanga, maiko onse anagwirizana chinthu chimodzi popanda pepala lochokera kulikulu: pakhomo palibe munthu.

"Pomaliza penipeni," anatero a Kazembe, dzanja likupita ku kachikwangwani. Zala zawo zinakakhudza. Anakweza maso kuti alandire kuyamikira kwa holo, ndipo maso awo anagwera pagalasi. Nkhope yawo inawala ndi chifundo.

"Mayi Wapampando, ndikuona mnzathu waima panja. Tasiyana maganizo zaka zambiri, koma ife kwathu sititsekera munthu kunja pa tsiku lachisangalalo. Mutsegulireni, adzaone nafe limodzi. Lowani, bwana, lowani."

Mlonda wa pakhomo anayang'ana Mayi Wapampando. Iwo anatsitsa nyundo mwakachetechete. Munthu woitanidwa pa maikolofoni, omasulira atamasulira m'zinenero zonse, sangapitirize kuwerenga za moto. Chitseko chinatseguka.

A Sitilola anayenda mpaka pampando wawo ngati munthu wopita kukalandira jakisoni. Anakhala. Anayang'ana kachikwangwani kawo nthawi yaitali. Kenako anakaimika, n'kuyatsa maikolofoni.

"Pakadali pano, dziko langa silingalole."

Sanasende switi. Kenako ndinamva phokoso lozolowereka, ngati mvula yoyamba padenga. Zikwangwani zinali kuimanso. Mapepala aja tsopano anali oona, ndipo anthu anawawerenga mosangalala. Bambo wa dziko lolemera uja anakhumudwa tsiku limenelo kuposa mwezi wina uliwonse.

Ndinafufuza nsapato zanga pansi pa tebulo n'kutuluka. A Sitilola anandipeza pakhonde, pafupi ndi pomwera madzi.

"Mayi, ndinadutsa njira yaitali ya kumagalimoto. Sindinakwere chikepe. Pamasitepe ndinamanga zingwe za nsapato zonse ziwiri."

"Ndinakuonani, bambo."

"Ndikanatha kunena kwathu kuti ndinachedwa. Kuchedwa amakhululuka. Koma kukhala pampando n'kusakana, kumeneko ayi."

"Wachiwiri wanu abwera liti?"

"Wothandiza wafika kale. Ayamba Lolemba." Anatulutsa switi m'thumba, anaiyang'ana, n'kuibwezamo. "Pepani chifukwa cha uchi."

A Kazembe anatuluka atazunguliridwa ndi anthu owagwira chanza. Atandiona anagwedeza mutu mwachisoni.

"Zachitika, mayi. Anthu awa ndi ouma mitima. Koma mwamva mmene holo inakhalira chete? Mutumize mawu anga kulikulu, onse, osadula. Muikenso chithunzi."

Ndinati, "Chabwino, bwana." Pantchito yathu mawu amenewa amanyamula zinthu zambiri.

Wakuzilumba ndinamupeza pabwalo la magalimoto akubwera wefuwefu, majekete ali paphewa. Anandiyang'ana kumaso ndipo anadziwa kuti zakanika. Anangoti, "Anali ndani?" Nditamuuza anakhala pansi pa kakhoma, n'kuseka mpaka misozi, kenako anasiya kuseka n'kundigwira dzanja.

Sindinabwerere ku ofesi. Ndinakakhala pabenchi pa siteji ya basi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mabasi angapo anandidutsa ndisanalimbe mtima kuimba. Achemwali anayankha msanga, ndipo ndinadziwa kuti foni inali m'manja.

"Nde?"

"Zakanika, achemwali."

Ndinamva nkhuku chapatali, ndi mwana wina akuitana mnzake.

"Anakana yemwe uja?"

"Yemwe uja."

"Nanga inu enanu munali kuti?"

"Tinalipo. Tinayankhula."

"Munayankhula bwino?"

"Kwambiri."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. Ndinayamba kunena za mwezi wamawa, koma ndinalekera panjira, chifukwa ndinadzimva ndekha mmene ndinkamvekera. Ndinalira pabenchipo, mayi wamkulu wovala suti, anthu odikira basi akuyang'ana kumbali.

"Usalire, iwe," anatero achemwali. "Wadya?"

"Ayi."

"Kadye. Amayi ndiwauza ndekha, dzina lako sinditchula. Ocheka aja ndingowapempha chinthu chimodzi, ayambire kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi ming'oma. Njuchi zimve phokoso zikadali ndi nthawi yosamuka."